Maenje a M'misewu ya Mumzinda: Alipire Ndani, Khonsolo Kapena Boma?

Mdani wamkulu wa msewu wa phula ndi madzi. Ngalande ikadzaza mchenga, majumbo ndi mabotolo, madzi a mvula amasowa kolowera, amasefukira pamsewu n'kuyamba kulowerera m'ming'alu ya phula mpaka kufewetsa miyala yotsenderedwa pansi pake. Lole yolemera ikaponda pofewapo, phula limasweka. Kadzenje kamene mu Disembala madalaivala amangokazemba, pofika Malichi kamakhala katadya mbali yonse ya msewu, minibasi n'kumadutsa m'khonde mwa golosale ya munthu. N'chifukwa chake kusamala msewu ndi ntchito ya chaka ndi chaka: kufukula ngalande ndi makalavati mvula isanagwe, kumata ming'alu, kuika zigamba za phula, kupala misewu ya dothi ndi giredala, kubwezeretsa zivundikiro za maenje a suweji zimene akuba amakagulitsa kwa ogula zitsulo, ndiponso kukonza magetsi a mumsewu.

Pa kufunika kwa ntchitoyi palibe wotsutsa. Mkangano umabuka tikafunsa za thumba lomwe ndalama zake zichokere. Ena akuti boma lalikulu, lomwe limatolera msonkho pa mafuta a galimoto, ndilo liyenera kulipira chaka chilichonse mosaphonya. Ena akuti mzinda wosadzilipirira misewu yake sudzakhala nayo yabwino, choncho makhonsolo a Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba atolere ndalamazo kwa eni nyumba ndi eni malo. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo zolemera ndithu.

Mmene zinthu zilili panopa n'chonchi. Mu 2006 Nyumba ya Malamulo inagawa pawiri bungwe lakale la National Roads Authority. Panabadwa Roads Authority, yoyang'anira kumanga ndi kukonza misewu, ndi Roads Fund Administration, yosunga ndi kugawa ndalama zake. Thumba limeneli limadalira kwambiri msonkho umene uli mkati mwa mtengo wa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo, ndipo kuyambira 2021 mumalowanso ndalama za pazipata zolipiritsa galimoto, choyamba cha pa Chingeni ku Ntcheu, kenako cha pa Kalinyeke ku Dedza. Mwa makilomita 15,451 a misewu yolembedwa m'kaundula wa boma, makilomita 1,348 ndi a m'matauni. Koma lamulo la maboma aang'ono la 1998 linasiya m'manja mwa makhonsolo misewu ya mkati mwa mzinda, ngalande, zinyalala ndi magetsi a mumsewu, n'kuwapatsa mphamvu yotolera msonkho wa nyumba ndi malo, uja ambiri amangouti ma city rates, pamodzi ndi ndalama za ziphaso za malonda, za m'misika ndi za poimika galimoto. Udindo uli kukhonsolo, pomwe thumba lonenepa lili kwina.

Amene akuti boma lilipire amayambira pa pampu ya mafuta. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda wa Lilongwe ndi 800,264 mu Blantyre, ndipo galimoto zambiri za dziko lino zimagona ndi kudzuka m'mizinda iwiri imeneyi. Dalaivala wa minibasi ya ku Ndirande kapena ya ku Area 25, amene tsiku lonse amangozungulira mumzinda osatulukamo, amapereka msonkho wa misewu nthawi iliyonse akathira mafuta. Wa kabaza wa njinga yamoto nayenso chimodzimodzi. Ndalamayo amaibweza pa okwera, ndiye kuti mayi wopita kukapikula tomato m'bandakucha walipira kale gawo lake la msewu asanafike n'kumsika komwe. Tsono mukamuuza kuti alipirenso kudzera mu lendi, popeza mwini nyumba akakwezeredwa msonkho amakankhira kwa wochita lendi, mwamulipiritsa kawiri pa dzenje limodzi. Iwo akuti chilungamo n'chakuti gawo lodziwika la msonkho wa pa mafuta lizibwerera kumizinda mwalamulo, osati mwa chifundo cha nduna.

Amanenanso kuti misewu ya mumzinda imatumikira dziko lonse. Wodwala wa ku Nsanje wotumizidwa ku Queen Elizabeth Central Hospital amadutsa m'misewu ya Blantyre. Fodya wa alimi a ku Kasungu, Dowa ndi Mchinji amakathera ku Kanengo. Feteleza, mafuta, simenti ndi zitsulo zolowera pa Mwanza kapena pa Dedza zimatsitsidwa m'mafakitale a ku Makata, Chirimba ndi Kanengo komweko. Ndipo malole amenewa ndiwo amadya msewu. Kafukufuku wa mainjiniya a ku America wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 anasonyeza kuti kulemera kopondera pa mzere umodzi wa matayala kukawirikiza kawiri, kuwonongeka kwa msewu kumawirikiza pafupifupi ka 16. Lole imodzi yodzaza imaposa kutali tigalimoto ting'onoting'ono mazanamazana. Nanga n'chifukwa chiyani mphunzitsi wopuma ntchito, amene anamanga kanyumba kake ku Chilomoni, alipirire msewu wophwanyidwa ndi katundu wopita ku Karonga?

Mfundo yawo yachitatu ndi imene imandivuta kuyankha. Akuti msonkho wa nyumba uli ndi mizu yosazama m'mizinda yathu, chifukwa anthu ambiri amakhala m'madera osakonzedwa mwadongosolo monga Mtandire, Chinsapo, Mgona, Mbayani, Ndirande ndi Bangwe, komwe mapuloti ambiri anagawidwa ndi mafumu, alibe manambala, ndipo eni ake amadya zimene apeza tsiku lomwelo. Kumadera okonzedwa nakonso eni malo ndi ambiri: kwina ndi Unduna wa za Malo, kwina ndi Malawi Housing Corporation, kwina ndi khonsolo. Unduna ukagawa mapuloti kumalo kopanda msewu, lendi ya malo imapita kuboma, koma anthu akamanga n'kuyamba kutitimira m'matope amakadandaula kukhonsolo. Kuonjezera apo, nthambi za boma lenilenilo zili m'gulu la amene amakhala ndi ngongole za msonkho wa nyumba kumakhonsolo. Khonsolo ikhoza kukhoma loko pa sitolo ya wamalonda wosalipira, koma ndani angakatseke ofesi ya unduna?

Ndiye pali mtengo wa zipangizo. Phula sitipanga kuno. Limachita kuitanitsidwa kunja, monganso dizilo ndi zitsulo za makina. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Msonkho wa nyumba umakhazikitsidwa kamodzi pachaka, m'makwacha, ndipo sungathamange liwiro limenelo. Ndalama imene inayenera kuphimba kilomita yathunthu imathera pakati pa njira. Amakumbutsanso kuti mfundo zopereka mphamvu ku anthu za 1998 zinalonjeza kuti 5 peresenti ya ndalama zimene boma limatolera izipita kumakhonsolo, ndipo bungwe la makhonsolo la MALGA lakhala likudandaula kwa zaka zambiri kuti lonjezoli silikwaniritsidwa. Akuti boma lisanauze mizinda kuti idziimire payokha, liyambe lapereka zimene linalonjeza.

Ena a mbali yomweyi amapitirira apo. Iwo sakhulupirira makhonsolo n'komwe. Amakumbuka kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko linakhala lopanda makhansala, makhonsolo akuyendetsedwa ndi akuluakulu a m'maofesi popanda wowafunsa, ndipo akuti chizolowezi chimenecho sichinatheretu. Amaloza magiredala ogona pa matayala ophwa kuseri kwa maofesi, ndi zigamba za phula zimene zimayobuka mvula yoyamba. Kwa iwo ndi bwino ndalama ndi ntchito yomwe zikhale kwa Roads Authority, komwe kuli mainjiniya ambiri ndi malo oyezera dothi ndi phula.

Tsopano amene akuti mzinda udzilipirire. Iwo amayankha ndi mwambi: fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ndalama ya ku Capital Hill imakhala yako ikalowa mu akaunti, osati ikalembedwa mu bajeti. Tinaziona m'zaka za 2023 ndi 2024, pamene mtengo wa mafuta papampu unasungidwa pansi kuposa mtengo wogulira kunja. Makampani oitanitsa mafuta, poona kuti akuluza, anachedwetsa kupereka misonkho, ndipo Roads Fund Administration inadandaula poyera kuti ndalama zake zambiri sizikufika. Maenje sanadikire. Mzinda umene m'zaka zimenezo unkayembekezera thumba la pa mafuta lokha unakhala manja lende, osati chifukwa cha kulakwa kwake, koma chifukwa cha chiganizo cha ndale chopangidwa kwina.

Ngakhale ndalamazo zibwere, nthawi yake ndi nkhani ina. Kuyambira 2022 chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo, mvula ikungotha kumene. Pa ntchito ya misewu imeneyi ndi mphatso, chifukwa kuchokera Epulo mpaka chizimalupsa cha mu Okutobala pali miyezi youma yokwanira kugwira ntchito yonse ya chaka. Koma bajeti ikadutsa, khonsolo imadikira kalata yoti ndalama zilipo, kenako ilengeze ntchito m'nyuzipepala, makontirakitala apikisane, komiti iunike, chilolezo chichokere kwa oyang'anira kagulidwe ka zinthu za boma, kontirakitala alandire ndalama yoyambira, afunefune ndalama zakunja zogulira phula. Pofika tsiku loti makina afike pamalo, mitambo yayamba kale kuda. Phula loikidwa pa nthaka yonyowa silikhalitsa, ndipo anthu akaona likuyobuka amati kontirakitala waba, pomwe nthawi zina cholakwika chinali mwezi umene anayambira. Msonkho wa nyumba, akutero a mbali iyi, umalowa pang'onopang'ono chaka chonse, ndipo khonsolo ingathe kuyamba nawo kufukula ngalande popanda kudikira siginecha ya munthu wa ku likulu.

Chachiwiri, akuti ndalama ya boma lalikulu imakonda zooneka. Msewu watsopano uli ndi tsiku lotsegulira, nsalu yodula, magule ndi makamera. Ngalande yofukulidwa bwino palibe amaijambula. Mu Lilongwe taona msewu wodutsana m'mwamba wa pa Area 18, ndi misewu ya Kenyatta ndi Mzimba itakulitsidwa kukhala ya mizere isanu ndi umodzi. Ndi misewu yofunika, ndipo amene ankaima ola lathunthu pamzere wa galimoto sangainyoze. Koma inamangidwa ndi ngongole zimene thumba la misewu linatenga m'dziko momwemuno, zobwezedwa ndi ndalama zomwe zija zoyenera kusamalira misewu yakale. Kilomita iliyonse yatsopano imabwera ndi ngalande zake, magetsi ake ndi mizere yake yofuna penti, koma bajeti yosamalira siikula nawo. Lipoti la World Bank la 1988 linapeza kuti mayiko 85 osauka anataya misewu ya ndalama pafupifupi madola 45 biliyoni, imene ikanapulumuka ndi madola 12 biliyoni a ntchito yosamalira. Zaka zoposa makumi atatu zapita, ndipo ife tikadali pa njira yomweyo: kumanga, kusiya, kumanganso.

Mfundo yawo yolimba kwambiri, mwa kuona kwanga, ndi ya mtengo wa malo. Msewu wa dothi ukathiridwa phula ku Area 49 kapena ku Machinjiri, mapuloti a m'mbali mwake amakwera mtengo nthawi yomweyo, lendi imakwera, nyumba zina zimasanduka mashopu ndi malo ogona alendo. Mwini puloti sanaonjezepo njerwa ngakhale imodzi, koma walemera ndi ndalama ya anthu onse, kuphatikizapo mlimi wa ku Chitipa amene sadzapondapo pamsewuwo. Kumupempha kuti abweze kachigawo kakang'ono chaka chilichonse kosamalira msewu umene wamulemeretsa si nkhanza. Lamulo limati nyumba ziziwerengedwa mtengo zaka zisanu zilizonse, koma makhonsolo akhala akudutsitsa nthawi imeneyi chifukwa akatswiri ovomerezeka owerengera mitengo ndi ochepa ndiponso odula. Mapeto ake, nyumba zosanjikiza zambiri zomangidwa posachedwapa sizili m'kaundula, ndipo zakale zikulipira pa mitengo ya kale kwambiri. Apa osalipira ambiri si osauka ayi. Ndi anthu a mipanda ya njerwa ndi mageti a chitsulo.

Amaloza ku Mzuzu. Cha m'ma 2013 khonsolo ya kumeneko inayamba kulemba nyumba zonse mumzinda, n'kumaziwerengera msonkho m'njira yosavuta: kukula kwa nyumba, zomangira zake, dera lomwe ili, ngati pafupi pali msewu wabwino, madzi ndi magetsi. Nyumba zolembedwa zinachoka pa pafupifupi 10,000 kufika pa pafupifupi 40,000, ndipo ndalama za msonkhowu zinawirikiza kangapo m'zaka zochepa. Kanyumba ka zidina ka ku Masasa kamalipira pang'ono, chinyumba cha ku Kaning'ina chimalipira zambiri. Ngati mzinda wa anthu 221,272 unatha, akutero, Blantyre ndi Lilongwe alephera bwanji?

Pomaliza amanena za kuyankha mafunso. Khansala amakhala pakati pa anthu. Mumakumana naye kumaliro, kutchalitchi kapena kumzikiti, ndipo mlatho wa m'wodi yake ukakokoloka sangabisale. Munthu amene watulutsa ndalama m'thumba mwake, risiti ili m'manja, amafunsa molimba mtima kuposa amene msonkho wake unabisika mu mtengo wa petulo. Kwa amene akuti makhonsolo ndi ofooka, yankho lawo n'lakuti anafooka chifukwa chomanidwa ndalama ndi ntchito, ndipo kuwalandanso zotsalazo sikungawalimbitse.

Pali gawo lina la nkhaniyi limene mbali zonse ziwiri zimakonda kulilumpha, pomwe ndilo limadya ndalama mwakachetechete. Pansi pa msewu pali eni ake ena. Pali mapaipi a madzi, mapaipi a suweji, mawaya a ESCOM ndi zingwe za intaneti za makampani a mafoni, ndipo aliyense ali ndi bajeti yake, kalendala yake ndi bwana wake. Msewu umathiridwa phula mu Ogasiti, mu Okutobala anthu a mapaipi afika ndi mapiki n'kuudula pakati, n'kukwirira ndi dothi lomwelo osatsendera. Mvula ikabwera, mzere umenewo umatitimira, ndipo dzenje loyamba la msewu watsopano limabadwira pomwepo. A makhonsolo amati wokumba azilipira. A mabungwe a madzi nawo ali ndi yankho lomveka: paipi ikaphulika usiku sidikira chilolezo, mapaipi ambiri ndi akale kuposa misewu yomwe ili pamwamba pake, ndipo makontirakitala a misewu nawonso amaswa mapaipi awo ndi makina. Ku Blantyre madzi ambiri amapopedwa kuchokera pa Walkers Ferry mumtsinje wa Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 chokwera, ndi magetsi odula. Paipi yodontha pansi pa msewu ikutaya madzi olipiridwa kale, kwinaku ikufewetsa maziko a msewu womwewo.

Kuti nkhaniyi si ya matayala ndi masipuling'i okha tinaphunzira mu Julayi 2017, pamene ku Area 18 mu Lilongwe zonyansa za m'paipi ya suweji yophulika zinalowa m'paipi ya madzi akumwa, mabanja n'kutunga madzi oipa pamipopi ya m'nyumba zawo. Nkhaniyo inakafika kukhothi, ndipo inakhudza mabungwe atatu: la madzi, khonsolo ndi la nyumba. Mapaipi awiri oyandikana pansi pa nthaka imodzi anali ndi eni osiyana. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 n'kuchedwetsa kutsegulira sukulu mu Blantyre ndi Lilongwe, unakula m'madera omwe aja a ngalande zotsekeka ndi madzi osayenda. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anali woposa mphamvu ya ngalande iliyonse, ndipo matope otsika m'phiri la Soche palibe kalavati ikanawaletsa. Komabe m'madera ambiri a mumzinda madzi anasiya njira zawo chifukwa anazipeza zodzaza kale ndi zinyalala.

Ine ndaima pati? Ndikuona kuti mbali ziwirizi zikukangana ngati kuti ntchito ndi imodzi, pomwe zilipo ziwiri zosiyana msinkhu. Kumanganso msewu wotheratu, kuyala phula latsopano pa makilomita ambiri, kumanga mlatho pa Mudi kapena pa Lingadzi, zimenezi zimafuna ndalama zakunja ndi makina olemera, ndipo a mbali yoyamba akulondola kuti msonkho wa nyumba sungazikwanitse. Zichokere ku thumba la misewu, ndipo gawo la mizinda lilembedwe m'lamulo, lowerengedwa potengera kutalika kwa misewu ndi kuchuluka kwa galimoto, kuti meya asamachite kukagwada ku likulu chaka chilichonse. Koma ntchito ya tsiku ndi tsiku, ya ngalande, makalavati, zigamba, zivundikiro ndi magetsi, mbali yake yaikulu imafuna manja a anthu, mafosholo, mawilibala, mchenga, miyala ya kwale ndi simenti, zomwe zimagulidwa ndi kwacha. Imeneyi mzinda uyenera kudzilipirira, ndipo apa ndili ndi a mbali yachiwiri ndi mtima wonse. Ndi ntchito yotsika mtengo kuposa zonse, komanso ndi imene ikachedwa ndi miyezi iwiri yokha imabala ntchito yodula ija.

Kuti zimenezi zitheke, gawo la msonkho wa nyumba liyenera kutchingidwa mu akaunti yakeyake ya misewu ndi ngalande. Popanda mpanda wotere ndalama zimathera ku malipiro, maalawansi ndi mafuta a galimoto za mabwana, popeza zimenezi zili ndi eni ake okhala mu ofesi momwemo, pomwe ngalande ilibe woilankhulira pamsonkhano wa bajeti. Kuyendera misewu kuchitike mu Febuluwale ndi Malichi, mvula ikadagwa, pamene aliyense akuona pomwe madzi akusefukira. Mndandanda wa ntchito za chaka, wodi ndi wodi, wokhala ndi dzina la msewu, ntchito yake, mtengo wake ndi mwezi wake, upachikidwe pamsika ndi pa ofesi ya wodi, uwerengedwenso pawailesi Epulo asanafike. Makontirakiti a zigamba akhale a zaka ziwiri kapena zitatu, kontirakitala azilipidwa poona kuti msewu wake ulibe maenje, osati powerenga matani a phula amene wathira. Wolipidwa pa chigamba chilichonse sadandaula chigamba chikayobuka.

Pa nkhani yokumba, sindikuona chifukwa choti tizikanganabe. Kumayambiriro kwa chaka khonsolo, bungwe la madzi, ESCOM ndi makampani a mafoni akhale pa tebulo limodzi, aliyense atulutse mapu a kumene akufuna kukumba. Paipi yakale isinthidwe phula lisanayalidwe. Pomanga msewu watsopano paziikidwiratu mapaipi opanda kanthu odutsa pansi, kuti wobwera m'mbuyo ndi chingwe chake angolowetsa. Wodula msewu azisiya chikole kukhonsolo, chobwezedwa chigamba chake chikapirira dzinja limodzi. Paipi yophulika usiku ikonzedwe usiku womwewo, mapepala atsatire m'mawa. Zambiri mwa izi sizifuna ngakhale dola imodzi.

Ndipo anyamata aja amene amakwirira maenje ndi dothi n'kumatambasula dzanja kwa madalaivala, ena amawaona ngati chisokonezo. Ine ndimaona anthu amene apeza ntchito yofunika yopanda mwini. Dothi lawo silithandiza, limasanduka matope mvula ikagwa ndi fumbi dzuwa likawala, koma manja awo ndi omwewo amene khonsolo ikuwasowa. Gulu la achinyamata kapena la amayi a m'deralo litapatsidwa kilomita yawoyawo ya ngalande, ndi malipiro a pamwezi operekedwa ngalandeyo ikapezeka yoyera, ndalama ya msonkho ingabwerere m'matumba a m'dera lomwe yachokera. Anthu amachitanso manyazi kutaya zinyalala m'ngalande imene akufukula ndi mwana wa mnansi wawo.

Zotsutsa ziwiri za a mbali yoyamba sindingazikankhire pambali. Ngongole za nthambi za boma n'zoona, ndipo palibe khansala angayang'ane wamalonda m'maso n'kumuuza kuti alipire pamene nyumba ya unduna yoyandikana naye siinalipire. Njira yake ndi yoti Unduna wa Zachuma uzidula ndalamazo pa gawo la unduna uliwonse n'kuzitumiza kukhonsolo mwachindunji. Zoti eni nyumba adzakankhira msonkho kwa ochita lendi n'zoonanso, mwina osati wonse koma gawo lake. N'chifukwa chake kalembera wa nyumba ayambire kumene kuli mipanda ndi nyumba zosanjikiza, tinyumba ta mtengo wotsika tizilipira kandalama kochepa kwambiri kapena tikhululukidwe.

Chovuta chenicheni chili ku Mtandire, ku Mbayani ndi kumtunda kwa Ndirande, komwe kulibe phula loti n'kuika chigamba. Kumeneko njira ndi mipata ya pakati pa nyumba, ngalande ndi chigwembe chimene madzi anadzikumbira okha, ndipo ambulansi imaima kutali, wodwala n'kunyamulidwa pamsana. Mndandanda wa chaka ukangotsata misewu yolembedwa m'kaundula, ndalama zonse zidzathera ku Area 10, Area 43, Namiwawa ndi Nyambadwe, anthu ambiri a mumzinda osaonapo kanthu. Choncho gawo lina la akaunti ija liyenera kulembedwa dzina la madera amenewa kuyambira chaka choyamba: timilatho ta oyenda pansi, ngalande zomangidwa ndi miyala, ndi njira imodzi m'dera lililonse yoti galimoto izifika dzinja lonse. Kutsegula njira yotere kudzafuna kuti wina asunthe mpanda wake, wina chimbudzi, wina khonde la shopu, ndipo zimenezo injiniya sangazithe yekha. Zidzafuna mafumu a m'tauni, atsogoleri a mabuloko ndi makomiti a chitukuko a m'mawodi, kukambirana nyumba ndi nyumba m'chilimwe, ndalama ya chipukutamisozi ili kale mu bajeti ya chaka chimenecho.